Akavalo a Matabwa a ku Lusaka

Ndikukumbukira chaka chimene atate anabwera kuchokera ku Lusaka ndi nkhani imene inatizunguza mitu tonse m'nyumba mwathu. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, m'nthawi ya boma la Chitaganya, ndipo tinkakhala kwawo kwa amayi, m'kamudzi kena kufupi ndi ku Mkaika. Atate anali mkamwini m'mudzimo, kwawo kunali ku Sinda. Anthu akatha kukolola, iwo ankagwira ntchito yokweza ndi kutsitsa matumba a nsawa pa lole ya mwini sitolo wina wa pa Katete. Ulendo umenewo lole inawafikitsa ku Lusaka m'masiku a chionetsero cha zaulimi.

Munthu wolima ngati iwo tinkayembekeza kuti asimba za ng'ombe zonenepa ndi chimanga cha zitsononkho zazikulu. Ayi ndithu. Chimene chinawalowa mumtima chinali bwalo la masewera limene linali m'mbali mwa chionetserocho. Kumeneko, iwo anati, kunali akavalo osema ku matabwa, opakidwa utoto wofiira ndi woyera, omangiriridwa ku chimkombero chachikulu chozungulira chokha nyimbo ikulira. Ana a azungu ndiwo anachuluka, koma anaonanso kamtsikana kakuda, ka msinkhu wanga, katakwera kavalo woyera kakuseka mpaka misozi.

"Chaka chamawa tikupita tonse," anatero atate. "Ine, inu aNaphiri, Esinati ndi Yobe. Palibe wotsala."

Amayi ankasinja pansi pa mtengo wa mango. Anaimika munsi naseka. "Inu aBanda, kavalo wa thabwa ndi mtondo wangawu zikusiyana pati? Anawo angokwera pompano."

Atate sanakwiye. Anangoti ngati zili choncho, mtondowo ndiye Lusaka. Anatenga kamtengo nayamba kulemba mzere pansi, kuchokera pakhonde la nyumba mpaka pamtondopo, nati umenewo ndi msewu waukulu. Chitsa cha pafupi ndi khonde chinasanduka Sinda. Mwala wonolera mipeni unali Petauke, ndipo pamene panali mphika wosweka womwera nkhuku panali pa Nyimba. Dzala la phulusa linali mapiri a Kacholola, kumene lole imakwera ikutsokomola ngati nkhalamba ya fodya. Kangalande ka madzi a mvula kanali mtsinje wa Luangwa, ndipo anayalapo kathabwa kuti ukhale ulalo.

Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi tinkakonza ulendo. Atate ankautenga ngati mlandu waukulu. Ankatiuza poyenera kugwiritsa matumba kuti tisagwe, pofunika kuphimba kumaso chifukwa cha fumbi, ndi malo amene tidzatsike kuti tiwongole miyendo. Aliyense anapatsidwa ntchito yake. Ine yanga inali yonyamula chigubu cha madzi. Amayi anali a kamba wa paulendo: nsawa zokazinga, mbatata zootcha ndi nkhuku. Yobe, mlongo wanga wa zaka zitatu, ntchito yake inali imodzi yokha, yosalira. Atate anasankhanso katambala kofiira kuti kakule, kadzakhale ndiwo ya pa Luangwa, ndipo tinakatcha dzina loti Kamba. Tambala ameneyo anadya bwino kuposa nkhuku ina iliyonse m'mudzimo, ndipo ankayenda monyada ngati akudziwa kuti ndi wa ku Lusaka.

Ndikasesa pabwalo ndinkalambalala mzere uja. Nkhuku zikaufufuta, atate ankaulembanso, ndipo nthawi iliyonse msewu unkawonjezeka makhota.

Amalume a Lufeyo, mlongo wawo wa amayi, ndiwo anali mwini mbumba, woyang'anira amayi ndi ife ana. Anali munthu wa nthabwala ndipo ankagwirizana ndi atate. Akamadutsa ankafuula kuti, "Alamu, lero mwafika pati?"

"Tili pa Nyimba, alamu! Fulumirani mudye nthochi zisanathe!"

Mvula inagwa, tinalima, tinakolola. Nyengo yachisanu itafika, diresi langa la ulendo linali litasokedwa, ndipo Kamba anali atayamba kulira m'mamawa. Koma amayi anali ndi pakati, mimba itakula. Woyendetsa lole anauza atate kuti ana awiri angathe kukwera pamwamba pa matumba, koma mayi wotere sangamunyamule pa msewu wa mabampu ngati umene uja.

Ndinali kuseri kwa nkhokwe ndikusenda nsawa pamene makolo anga ankakambirana.

"Atengeni anawa mupite," anatero amayi. "Ine mudzandisimbira."

"Ndinati tonse. Ndikakweze ana pa akavalo inu muli kuno mukusinja? Chaka chamawa tidzapita ndi khanda lomwe."

"ABanda, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Malo apezeka lero, mawa simukulidziwa."

"Akavalo aja ndi a matabwa, aNaphiri. Safa, sathawa. Adzatidikira."

Lole inapita ndi atate okha. Ndinalira tsiku lonse, ndipo Yobe, amene ntchito yake inali yosalira, anandithandiza kulirako. Amayi anatisiya mpaka titatopa, kenaka anatiphikira chiponde nati, "Atate anu ali ndi mtima wofuna onse akhute. Musawade."

Dzuwa la mwezi wa Okutobala likuswa mtengo, nthawi ya amayi inakwana. Zinthu zinavuta. Azimayi akuluakulu atalephera, anawagoneka m'ngolo ya ng'ombe kuti athamangire nawo ku chipatala cha mishoni. Ndinaima pakhonde ndikuona ngoloyo ikudula mzere wa atate ndi magudumu ake. Amayi anatsirizika ngolo isanafike n'komwe pamsewu waukulu, ndipo khandalo linapita nawo limodzi.

Za maliro sindikumbukira zambiri, koma chimodzi sindiiwala. Anyamata ofuna ndiwo za adzukulu okumba manda anagwira Kamba. Atate, amene anali asanayankhule chiyambire m'mawa, anadzambatuka nawalanda tambalayo, n'kupereka mbuzi yawo imodzi yokhayo m'malo mwake. Anthu anayang'anana, ena nanong'ona kuti chisoni chawasokoneza mutu.

Dzinja limenelo atate analima ngati munthu wofuna kudzipha ndi khasu. Mvula inakokolola msewu wa pabwalo ndipo sanaulembenso. Mtondo wa amayi unangokhala pansi pa mango, wopanda wousinjira.

Nkhokwe itadzaza, abale a amayi anaphika thobwa, pakuti mpingo wathu sunkalola mowa, naitana abale a atate a ku Sinda. Unali mwambo wosudzula. Kwathu mkazi akamwalira, akuchikazi amathokoza mwamuna n'kumumasula kuti abwerere kwawo, akakwatire kwina ngati afuna. Amatenga nkhwangwa yake, khasu lake ndi bulangete lake. Ana satenga, chifukwa ana ndi a mbumba ya mayi wawo. Zimenezi ndinkazidziwa monga mmene mwana aliyense ankazidziwira, koma sindinaganizepo kuti zingachitikire atate anga.

Alendo atabalalika, atate anapita kumene amalume anakhala, nagwada pansi chipewa chili kumanja. Ine ndinkatsuka zikho za thobwa pafupi pomwepo.

"Alamu, ndili ndi pempho limodzi. Mundibwereke ana angawa. Lole inyamuka Lolemba, ndipo chionetsero chayandikira. Ndikawaonetse akavalo aja, ndidzawabweza ndekha pakhomo pano."

Mawu amenewo amandipweteka mpaka lero. Bambo wondibereka ankandibwereka ngati mmene munthu amabwerekera lichero kwa mnansi.

Amalume anatokosa pansi ndi kamtengo. Kenaka anati, "Alamu, inu simunandilakwirepo. Koma nkhani ya ana a mlongo wanga wamkulu mukuidziwa. Bambo wawo anawatenga nati akukawagulira nsapato ku Fort Jameson. Lero akuti anawo ali ku migodi, ndipo ndingakumane nawo panjira osawazindikira. Mlongo wanga wina ndamuika m'manda. Amene anditsalira ndi awiriwa. Lole ikawatenga, ndidzawafuna kuti?"

"Ine sindine munthu uja, alamu."

"Ndikudziwa. Nayenso tsiku limene ankapempha sanali wotero."

Atate sanatsutse. Anawomba m'manja mwaulemu nadzuka.

Lolemba m'mamawa ndinadzuka ndi fungo la nthenga zopsa. Atate anali atapha Kamba ndipo ankamuwamba pamakala. Ndinati mumtima, basi, akukonza kamba wa ulendo wawo wotisiya. Koma atatha anandiitana ndi mawu amphamvu amene ndinali nditawaiwala.

"Esinati, chigubu chako chili kuti? Vala diresi lija. Yobe, kabudula! Tichedwa, Lusaka ndi kutali!"

Mtima wanga unadumpha. Ndinaganiza kuti amalume asintha maganizo. Ndinavala diresi lija, limene linali litayamba kundithina m'khwapa, ndi kuthamangira panja. Pamenepo ndinaona mzere watsopano, wolembedwa ndi khasu, kuchokera pakhonde mpaka pamtondo. Ndinamvetsa. Yobe sanamvetse kanthu. Ankangodumphadumpha akufuula kuti akupita ku Lusaka.

Atate anamunyamula paphewa nayamba kulira ngati lole, ine ndikutsatira pambuyo ndi chigubu changa. Pa chitsa chija anaima.

"Pano ndi pa Sinda, kwathu," anatero akuyang'ana ine. "Tsiku lina mukadzandifuna, mudzatsike pano, mudzafunse."

Pa Nyimba anatulutsa nthochi zenizeni m'thumba la jekete. Pa dzala la phulusa lole inatsokomola, inabwerera m'mbuyo, inakana kukwera, mpaka Yobe anaseka kutsala pang'ono kugwa. Tinawoloka kathabwa ka Luangwa mosamala, ndipo kutsidya tinakhala pansi ndi kudya Kamba. Nthutumba, imene mwana wamkazi sankailawa n'komwe chifukwa ndi ya bambo wa panyumba, anandipatsa ine. Iwo sanadye kanthu. Anati woyendetsa sadya ali pantchito.

Titafika pamtondo wa amayi, atate anavula jekete nagwada, manja ndi mawondo zili pansi.

Muyenera kudziwa kuti mkamwini ndi munthu wa manyazi. Atate akakumana ndi agogo, apongozi awo, ankapatuka n'kulowa m'tchire. Tsiku limenelo agogo anali pakhonde pawo, maso ali kwa ife, ndipo anthu ena anali atatuluka m'nyumba kudzaona phokosolo. Atate sanasamale. Anakweza Yobe pamsana nayamba kukwawa kuzungulira mtondo, akudzutsa ndi kutsitsa msana, akuimba ndi mphuno nyimbo imene anaimva ku Lusaka. Yobe anawagwira makutu akukuwa, "Kavalo thamanga! Thamanga!" Pamudzi ponse palibe amene anaseka, koma iye yekha.

Kenaka anandiyang'ana. "Kwera, mama."

"Ndakula, atate."

"Kavaloyu sasankha."

Ndinakwera. Malaya awo anali atanyowa, ndipo pansi pa manja anga ndinkamva nthiti zawo, pakuti anali ataonda kwambiri chaka chimenecho. Tinazungulira mtondo kambirimbiri. Nyimbo ija inayamba kudukaduka, msana ukunjenjemera, ndipo m'fumbi munkagwa madontho amene ndinkafuna kukhulupirira kuti ndi thukuta. Pamene anadzuka, mawondo awo anali atasupuka.

Amalume anali ataima pafupi ndi nkhokwe, nkhope atatembenuzira kutchire. Anangotola mtolo wa atate, nkhwangwa ndi khasu, nawanyamulira mpaka kumsewu waukulu.

M'zaka zotsatira atate anabwera kudzationa kangapo, atanyamula sopo ndi nsalu, ndipo ankakhala pampando wa alendo. Pambuyo pake anapita kukagwira ntchito ku migodi ya malasha ku Wanki, ndipo uthenga wa imfa yawo unandipeza ndisanamalize maphunziro a uphunzitsi. Amalume anatilera bwino, sindingawanamizire. Ndinakhala zaka zambiri ndili nawo chifukwa mumtima, koma nditabereka anga ndinazindikira kuti amene anakana tsiku lija anali munthu wamantha, osati wankhanza.

Akavalo enieniwo ndinadzawaona ndili mayi wa ana, nditapita ku Lusaka ndi mwana wanga woyamba. Anali aang'ono, utoto utasupuka, wina analibe khutu. Atate ananena zoona, akavalo anatidikira. Ndinakweza mwana wanga, nyimbo itayamba ndinaizindikira, ndipo ndinakhala pansi pa udzu n'kulira pamaso pa anthu.

Tsopano ndine nkhalamba, ndipo ndikuona kuti amayi ndiwo anapenya patali. Atate anadikira chifukwa cha chikondi, ankafuna tsiku limene tonse tidzakhalepo, koma tsiku lotero silinalonjezedwe kwa munthu aliyense. Ana anga amandiseka kuti ndine wopupuluma, chifukwa wina akangoti tidzapite kwakuti, ine ndimayamba kufunafuna chitenje. Wodwala timamusimbira, wochedwa amatipeza kutsogolo. Sindidikiranso kuti tikwane.

Yobe nayenso ali ndi imvi tsopano, amalima ku Vubwi kumene anakwatira. Mpaka lero amauza adzukulu ake kuti anafika ku Lusaka ali ndi zaka zisanu, kuti anadya nkhuku pa ulalo wa Luangwa, ndi kuti kavalo amene anakwera anali wofunda, wopuma ngati munthu. Akatero amandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Si choncho, achemwali?" Ine ndimayankha kuti ndi choncho, ndinali pomwepo, ndinanyamula madzi.