Mafunso a M'chigafa

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, kwathu kwa Simlemba, pamene kutchalitchi kunabwera maphunziro a makolo. Alangizi ankati ana a msinkhu wathu akutayika chifukwa makolo sacheza nawo. Lachinayi lililonse bambo ankavala jekete n'kupita, pobwera ali ndi kapepala ka mafunso oti adzandifunse. Mayi anali atatisiya kale, azakhali anakwatiwa kutali.

Ine nkhani ndinali nayo. Panali mwamuna wina wogula fodya, wa njinga yamoto, amene ankandidikira panjira yochokera kusukulu. Anayamba ndi sopo, kenako mafuta odzola. Ndinkachita mantha, ndipo ndinkalakalaka wamkulu wina atamuletsa.

Koma chithereni msinkhu, bambo anasiya kukhala nane pafupi. Mwambo wake ndi umenewo: mwana wamkazi akakula amapatsidwa ulemu, ndipo ine ndinasanduka Nabanda, woitanidwa kuti inu. Choncho macheza athu anawapezera malo m'chigafa, nthawi yosankha fodya. Iwo uko atandifulatira, ine kuno, pakati pathu mulu wa masamba. Fumbi la fodya linkatsamwitsa, zala zili bii.

Anatulutsa kapepala kaja n'kuwerenga ngati zolengeza za Lamulungu.

"Nabanda, pali chimene chikukusowetsani mtendere?"

Mawu anali pakamwa penipeni.

"Palibe, eti?" anadziyankha okha. "Pali amene amakuvutitsani panjira? Aaa, zimenezo n'za kutauni. Inu ndinu mwana wa mkulu wa mpingo."

"Bambo, kuli munthu wina..."

"Ofiirawo musasakanize ndi oyera, angatibwezere belo ku okushoni."

Anapinda kapepalako n'kukabwezera m'thumba. Ndinaluma mano, misozi ndikunamizira fumbi.

Sabata ndi sabata zinali chomwecho, funso lawo, yankho lawonso. Maphunziro atatha analandira satifiketi, anthu n'kuwaombera m'manja kuti ndi kholo lachitsanzo. Anaipachika pabalaza. Mayeso a Sitandade 8 ine sindinalembe. Msika wa fodya utatsekedwa, wa njinga uja anazimiririka, n'kundisiya ndili woyembekezera.

Tsiku limene nkhaniyi inawapeza, bambo anandiyang'ana m'maso koyamba.

"Nanga bwanji simunandiuze?"

Ndikanayambira pati?

Zaka zapita, mwana amene ndinabereka ndi mnyamata wamkulu tsopano, ndipo bambo anagona. Lero ndikumvetsa kuti sanali ouma mtima. Ankakayikira ndithu, koma yankho langa ankaliopa, n'chifukwa chake ankalitsekereza lisanatuluke. Alangizi aja anawaphunzitsa kufunsa, koma sanadziwe kuti chovuta kwa bambo wakwathu ndi kukhala chete mwana wake wamkazi akuyankha. Ndinawakhululukira kalekale. Komabe ndikadutsa pasukulu ija mtima umandipwetekabe, chifukwa chimene ndinkapempha sichinali chachikulu. Akanangodikira ndimalize kulankhula.