Dzuwa Linachedwa ku Mbamba Bay

Azakhali anga sakhulupirira wotchi. Kwathu ku Nkhotakota zenera lawo limayang'ana kunyanja, ndipo dzuwa likangovuuka m'madzi limawamenya kumaso, iwo n'kudzuka. Amanyadira zimenezi ngati dzuwalo analilemba ganyu ndi iwo.

Nditamaliza mayeso a Fomu 4 ananditenga pa ulendo wa ku Dar es Salaam, komwe ndinkakakhala miyezi ingapo kwa mwana wawo. Iwo anali atapitako kangapo podzera ku Karonga, koma ulendo uno tinawoloka nyanja kuchokera ku Nkhata Bay. Ine ndinali ndisanapondepo dziko la eni. Tinafika ku Mbamba Bay mvula ikuwaza, azakhali ali lenda ndi chizungulire cha mafunde, ndipo zomwe ndinaona ndi matope, ofesi yodinda mapasipoti ndi chitseko cha gesiti, nyumba yogona alendo, basi.

"Mawa m'mamawa tikwera basi ya ku Songea," anatero akudziponya pampando.

"Osazungulirako pang'ono, azakhali?"

"Ukuona ngati tabwera kudzaona miyala? Auze mayi a gesitiwo atipatse chipinda choyang'ana kunyanja, dzuwa lindidzutse."

Jogalafe ndinkaijomba kawirikawiri, koma tsiku limene tinaphunzira za kum'mawa ndi kumadzulo ndinalipo. Tinali kutsidya tsopano. Nyanja inali kumadzulo, ndipo dzuwa likanatulukira kuseri kwa mapiri, kumbuyo kwa nyumba. Ndi manja komanso Chingerezi cha kusukulu ndinawapezera chipinda cholunjika kumadzi ndendende. Kazenera ka kumbuyo ndinayanikapo chitenje changa poti chinanyowa. Chinanyowadi, pang'ono.

Kutacha ndinanyamula nsapato m'manja n'kutuluka, iwo akuliza mkonono.

Sindinaonepo m'mawa wotero. Nyanja yomwe ndinabadwa ndikuiona ikuyaka moto m'mawa inali itagonabe, yotuwa ngati bulangete, pomwe kuwala kunkatsetsereka kuchokera kumapiri, kukhudza denga la tchalitchi, kenako mitengo ya mango, kenako ine. Ndinkamva ngati wina watembenuza dziko ndili m'tulo, n'kuiwala kundiuza. Miyala ikuluikulu yobulungira inasanjikizana m'mphepete mwa madzi, ina itakhala pamwamba pa inzake mosamveka, ngati ingagubuduke munthu atangoyetsemula. Asodzi ankakoka mabwato ofanana ndi a kwathu, usipa wake womwewo, koma pakamwa pawo pankatuluka mawu amene ndinkangotolako limodzilimodzi, ngati nkhani za m'maloto. Njinga zamoto zinkadutsa zitanyamula madengu. Ana a sukulu anandiyang'ana, ine ndinawayang'ananso monyada, poti mlendo wochokera kunja ndinali ineyo.

Pansi pa mtengo wina panali mayi wokazinga vitumbuwa. Anayang'ana mmene ndinamangira duku n'kuseka, kenako anandiyankhula m'Chichewa.

"Iwe ndiwe wa kwathu. Karibu, mwanangu, khala apa umwe chai. Wabwera ndi ndani?"

"Ndi azakhali. Akudikira dzuwa lituluke m'nyanja."

"M'nyanja iyi?" Analoza ndi chipande. "Adikira mpaka Yesu adzabwere. Inenso chaka changa choyamba kuno ndinkachedwa ku Misa, mpaka apongozi ankati mwana wawo anawabweretsera mlesi."

Tili pomwepo basi ya ku Songea inaliza hutala. Ndinaiona ikukwera phiri pang'onopang'ono, katundu ali mbwee padenga, mpaka inalowa m'nkhungu. Ndinaibayibitsa ndi chitumbuwa.

Nditabwerera ndinapeza azakhali ataima pakhomo, tsitsi lili nyankhalala, akuyang'ana nyanja kenako kumwamba, kenako nyanjanso.

"Dzuwa ili ladzera kuti?"

"Kumapiri, azakhali. Kuno ndi kunja."

"Ndipo iwe unkadziwa."

"Munati inu simufuna wotchi."

Anandikoka khutu mpaka ndinaona nyenyezi masana, akutchula fizi yonse imene bambo anga anataya pa mwana wa mfiti. Mwini gesiti anawatonthoza kuti basi ina ibwera mawa, mipando ipezeka. Atatopa kukalipa anakhala pakhonde, n'kudya vitumbuwa zomwe ndinawabweretsera osandiyang'ana. Kenako anafunsa motsitsa mawu.

"Ndiye kwathu ndi kuti?"

Ndinawatenga. Tinadutsa pamsika, pomwe anagwiragwira zitenje n'kunyoza mitundu yake koma osachoka msanga, mpaka tinafika pamiyala ija imene sanabwere kudzaona. Anakwera chokwawa, akutukwana mawondo awo. Pamwamba mphepo inali yofunda. Pansi pathu madzi anali oyera moti nsomba zinkaoneka ngati zikuuluka, ndipo patsogolo panali kachilumba kakuyandama m'kuwala. Kutali kwenikweni kunali kamzere kabuluu, kosadziwika ngati ndi mapiri kapena mitambo.

"Uko," ndinatero.

Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye kuti m'mawa uliwonse ndikamati dzuwa latuluka m'madzi, limakhala litadzera kaye kwa anthu awa?"

"Amatipatsa lotsala."

"Usandiseketse, ndakwiya nawe."

Anavula nsapato, natambasula miyendo pamwala wotentha, ndipo posakhalitsa anayamba kusinza, duku likupepezeka. Ine ndinagona chagada n'kumawerenga mbalame mpaka ndinasokoneza, osafuna n'komwe kuyambiranso. Ku Dar es Salaam ndinakaona nyumba zazitali ndi nyanja yamchere, koma ndikatseka maso n'kunena kuti kunja, chomwe chimabwera m'maganizo ndi mwala umenewu.

Pogona anachotsa chitenje changa pa kazenera kaja, n'kumanga nsonga ina kumwendo kwanga, ina kudzanja lawo. Anatcheranso alamu pafoni, koyamba m'moyo wawo, ndipo anachita kundifunsa ine pobonya.