Tsiku limene chithunzithunzi changa chinasowa

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinauzidwa kuti sindidzaona mvula yoyamba ya chaka chimenecho. Wondiuzayo sanali dokotala kapena sing'anga. Anali Yohane, mnzanga woyandikana naye nyumba ku Balaka, wamkulu kwa ine pang'ono.

Yohane ankadziwa zinthu. Kumene ankazitola sindikudziwa, koma akangoti, "Kodi mukudziwa?" tonse tinkasiya mpira n'kumuzungulira. Ndiye amene anatiuza kuti njoka ilibe zikope, kuti udzudzu woluma ndi waukazi wokha, ndiponso kuti munthu sanganyambite chigongono chake. Za chigongonozo tinayesa mpaka makosi kuwawa, tonse tinalephera. Kuyambira pamenepo chilichonse chotuluka pakamwa pake tinkangomeza osatafuna.

Tsikulo kunali dzuwa la kumapeto kwa chilimwe, lija lowotcha mapazi. Nyenje zinkalira osapumira. Ine ndinkayendetsa galimoto yanga ya mawaya pabwalo. Ndinali nditaipanga ndekha, mateyala ake a zitini za polishi, chiwongolero chofika m'chiuno. M'dera lathu lonse munalibe ina yokhota bwino ngati imeneyo. Yohane anali atakhala patsinde pa mango, akundiyang'ana.

"Iwe, taima kaye," anatero. "Chithunzithunzi chako chili kuti?"

Ndinayang'ana kutsogolo, ndinacheuka kumbuyo. Ndinazungulira ngati galu wofuna mchira wake. Panalibe kanthu, dothi lokhalokha loyera ndi dzuwa.

"Kodi ukudziwa?" anatsitsa mawu. "Munthu chikamuthawa chithunzithunzi, ndiye kuti chatsogola kumanda. Mvula yoyamba saiona."

Sindinalire. Chimene chinandikanika ndi kukhala pansi. Ndinapita kusiteshoni ya sitima, ndinabwerako, ndinalowa mumsika, ndinatuluka, maso ali pansi. Chakumadzulo chithunzithunzi chija chinabwerera, chachitali bwinobwino, ndipo ndinathamanga kukamuonetsa Yohane. Iye anapukusa mutu. Anati chabwera kudzatsanzika.

Kum'mawa mitambo inali itayamba kale kusonkhana, ndiye ndinaona kuti nthawi yandithera. Legeni ndinapatsa mng'ono wanga. Galimoto ndinakapereka kwa Yohane, popeza wakufa sayendetsa galimoto, komanso ndi iye amene anandichitira chifundo pondichenjeza. Analandira ndi manja awiri.

Bambo anga anali telala, ankasoka pakhonde la golosale ina pafupi ndi msika. Sanali munthu wa mawu ambiri. M'mawa mwake anaona kuti phala ndangoligwiragwira, ndiye anati ndiwanyamulire thumba la nsalu. Titafika anayamba kupalasa makina, ine ndikungoimirira, kukhala, kuimiriranso.

"Galimoto ili kuti lero?"

"Ndapatsa Yohane."

"Mwasinthana ndi chiyani?"

"Palibe, bambo. Ine ndikufa."

Makina anaima. Ndinafotokoza zonse, ndipo sanaseke. Anangoti ndikhale pomwepo ndiziwalowetsera ulusi pasingano. Ulusi unkangophonya. Dzuwa litafika paliwombo anadzuka, nanditengera pakati pa bwalo la msika.

"Changa chili kuti?"

Ndinayang'ana. Bambo analibe chithunzithunzi.

"Nanga cha mzati uwo?"

Mzati wa magetsi unalibenso. Anaimika botolo pansi, nalonso linalibe.

"Ndiye tifa tonse, ndi mzati womwe?" anafunsa. "Tadumpha."

Ndinadumpha. Pansi panga panaoneka kanthu kakuda, ndipo potera ndinakaponda. Ndinadumphanso, kanaonekanso. Amayi ogulitsa tomato anayamba kuseka, koma ine sindinasiye.

"Wachiponda wekha," anatero bambo. "Nyengo ino dzuwa limadutsa pamutu penipeni, ndiye chimabisala kuphazi. N'za chaka ndi chaka. Kodi Yohaneyo pokuuza anali pati?"

"Patsinde pa mango."

"Mumthunzi."

Bambo anatola botolo lija. Kenako anati, "Zonena za anthu uzimva, zambiri n'zoona. Koma usanagawe katundu, uziyamba waona pamene wonenayo wakhala."

Ndinawapempha kuti akanditengere galimoto yanga. Anakana. Anati ndinapereka ndi manja anga, iwo sangakalande ndi awo. Mvula yoyamba itagwa ndinaima pabwalo mpaka kunyowa thupi lonse, fungo la dothi lili m'mphuno, wamoyo ndithu. Yohane anadutsa akuyendetsa galimoto ija m'matope. Ngati ankadziwa chimene ankachita kapena nayenso anangomva kwa ena, sindinamufunse mpaka lero.

Tsopano tsitsi layamba imvi, ndipo ndimagwira ntchito mosungira katundu m'sitolo ya zipangizo za galimoto ku Deira, kutali kudziko la Aluya. Anthu ngati Yohane sanathe, anangolowa m'foni. Mnzanga wogona naye nyumba imodzi, a Tembo a ku Chipata, sikucha osanditumizira kanthu: kuti linunda la ngamila ndi mafuta osati madzi, kuti uchi ukasungidwa bwino suwola. Ndimasangalala nazo. Koma tsiku lina uthenga umakhala wina: "Akulu, mwamva? Sitolo yanu akuti itseka. Khalas, zatha basi, yambani kumanga katundu."

Pamenepo mtima umabwerera ku Balaka. Ndimatsika masitepe, ndimakafika kumtsinje wa Creek, ndimaona maboti otchedwa maabra akuwolotsa anthu, ndimabwerera, ndimatsikanso. Kudziko la eni ntchito ikatha, nako kukhala kumatha. Komabe firiji sindigulitsa, kwathu sindiimba foni yoopseza ana. Ndimayamba ndafunsa kuti wanena ndani, ndipo iye ali pati. Ulendo wina tinapeza kuti amene anayambitsa mphekeserayo ankafunira mlamu wake bedi langa m'nyumba imene timagonamo.

Kuno dzuwa silifika pamutu penipeni. Mwezi wa Juni chithunzithunzi chimafupika kwambiri, koma chimatsalako pang'ono. Chaka chino ndinatuluka masana, msewu uli zii chifukwa cha kutentha, ndinayang'ana uku ndi uku, n'kudumpha kamodzi. Rashid, mnzanga wa kuntchito, anandiona ali pakhomo. "Yalla, habibi, fulumira mnzanga, lowa. Dzuwa lakulowa m'mutu?"

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti Yohane sananame pa zimene maso anga anaona. Chithunzithunzi chinasowadi. Bodza linali m'tanthauzo limene anamangirirapo, ndipo ndinalimeza chifukwa za njoka ndi za chigongono zinali zoona. Chodabwitsa ndimachilandirabe ndi manja awiri, koma chikafika ponena kuti ndipereke changa, ndimayamba ndatulukira padzuwa ndekha. Ndapangapo magalimoto ena a mawaya, ngakhale a ana anga, koma palibe inakhotapo ngati ija.