Nkhongo ya a Kontilakita

A Lezala anameta anthu zaka makumi awiri ndi ziwiri m'kachipinda kamodzimodzi, pakati pa sitolo ya mafoni ndi telala. Munali mpando wozungulira umene unasiya kalekale kuzungulira, galasi lalikulu long'aluka pakona, benchi ya odikira, ndi kagalasi kam'manja koonetsera munthu kumbuyo kwa mutu akatha kumetedwa. Nkhope za anthu a Lezala ankaziiwala, koma nkhongo ayi. Munthu ankamuzindikira atawadutsa kale, ndiye mkazi wawo ankawaseka kuti amapereka moni kumsana.

Makasitomala akachepa, a Lezala ankajambula. Ankatola makatoni a mafiriji, n'kuwadula bwinobwino, n'kujambulapo nthano ya zithunzi. Lolemba lililonse ankakhoma tsamba latsopano pakhoma loyang'anana ndi galasi lalikulu lija. Ngwazi ya nthanoyo anali Mayi Mphezi, mtolankhani wouluka, wa maso oboola maenvelopu ndi madilowa okiya. Munthu akamunamiza, cholembera chake chinkafuka utsi. Mdani wake anali Bwana Chamseri, mkulu wa katangale, yemwe nthawi zonse ankaoneka atafulatira. Odikira pabenchi ankati limeneli ndiye luso, kubisa nkhope ya chigawenga. Luso lanji! Nkhope zinkangowavuta basi.

Nkhope imodzi yokha ndi imene ankaitha, ya mwana wawo wamkazi, ndipo Mayi Mphezi anali iyeyo ndendende. Mwanayo analidi mtolankhani, wosauluka, woyenda wapansi. Anatha miyezi isanu akufufuza za mlatho wina umene unamangidwa papepala pokha, anthu akuwolokabe mtsinje atanyamula nsapato m'manja. Nkhaniyo inafera padesiki pa mkonzi, iye n'kumusamutsira kutsamba la maukwati. Amene anamanga mlatho wa papepalawo anali a Kontilakita, eni ake a nyumba yonse imene munali kachipinda ka a Lezala, ndiponso kasitomala wawo wa Loweruka lililonse.

A Lezala ankalumbira kuti sanachite dala, akuti dzanja linangojambula nkhongo imene linkaidziwa bwino. Kaya. Chimene aliyense ankaona n'chakuti Bwana Chamseri anali ndi makwinya atatu pakhosi, njerewere kuseri kwa khutu lamanzere, ndi kadazi koyambira pamwamba. Dera lonse linkaidziwa nkhongo imeneyi, kupatula mwini wake, poti palibe munthu amadziona kumbuyo.

Ndipo a Kontilakita ankaikonda nthanoyo kuposa aliyense. Ankalowa, n'kuima pakhoma manja ali m'chiuno, n'kuseka chikhakhali.

"Ameneyu ndiye wakuba weniweni! Taonani khosilo, kuchita kupindikapindika ndi ziphuphu. A Lezala, anthu oterewa mumawaona kuti?"

"Timangoganizira, bwana."

Pabenchi anthu ankaluma milomo, ena n'kutuluka ngati akukayankha foni. A Lezala anatenga kagalasi kaja n'kukakankhira kunsi kwa dilowa, pansi pa matawulo. Kwa miyezi itatu, kumeta kukatha, ankangoti, "Kagalasi kaja kanasweka, bwana, koma kumbuyoku kuli bwino kwambiri." Ankachita mantha, tisabise. Kachipindako ndi kamene kanaphunzitsa ana awo onse, ndipo munthu wa zaka zawozo kuyambiranso kwina si masewera.

Mwana wawo nthanoyo sankaifuna n'komwe. Tsiku lina kunyumba anawauza mosapita m'mbali.

"Ababa, pakatoni ndinu olimba mtima. Koma Loweruka mumamupukuta khosi lomwelo, n'kumuthira ndi pawudala."

"Mwana wanga, ndi ntchito."

"Inenso ndimalemba za madiresi a akwati. Ndi ntchito. Tonse tinakhala chete, ndiye musamandijambule ndikuuluka."

Mawuwo anawapweteka a Lezala kufika pamtima, chifukwa anali oona.

Loweruka linalake mwanayo anabwera kudzawapatsa magalasi awo a maso amene anawaiwala patebulo. Anapeza a Kontilakita ali pampando, nsalu ili pakhosi, ndipo anakhala kaye pabenchi kudikira kuti bambo ake amalize. A Kontilakita anamuona m'galasi.

"Aa, si mtolankhani wathu uja ameneyu? Ndamva masiku ano ukulemba za makeke a paukwati. Zimenezo ndiye zokukhala, mwanawe. Za milatho uzisiyira akuluakulu."

Mtsikanayo anangoyang'ana pansi, akupotokola chikwama chake. A Lezala anali asanamuonepo mwana wawo atazyolika chonchi pamaso pa munthu. Anamaliza kumeta modekha, anasasa tsitsi ndi bulashi, anathira pawudala. Kenako anatsegula dilowa.

"Bwana, kagalasi kaja kapezeka."

Anakagwira monga ankachitira kwa zaka zonsezo, kumanzere pang'ono, kumanja pang'ono, kenako pakati. M'galasi lalikulu munaoneka makwinya atatu, njerewere ndi kadazi. Pambali pake, m'galasi momwemo, chithunzi cha pakhoma chinalinso ndi makwinya atatu, njerewere ndi kadazi. A Kontilakita anayang'ana uku, anayang'ana uko, dzanja lawo n'kukwera lokha kukagwira kuseri kwa khutu.

"Ndameta bwino, bwana?" anafunsa a Lezala, poti ndi mmene ankafunsira aliyense.

A Kontilakita anavula okha nsalu ija. "Pakutha pa mwezi ndipeze chipinda changa chili mbee," anatero, n'kutuluka. Aliyense pabenchi anawaperekeza ndi maso, ndipo mukudziwa kale pamene ankayang'ana.

Mwezi unathadi. A Lezala anapeza kakhonde kuseri kwa malo okwerera basi, kopanda chitseko, kongokwana mpando ndi benchi. Tsiku losamuka, katundu yense anakwana pangolo imodzi, makatoni a Mayi Mphezi atamangidwa ndi chingwe pamwamba. Anadandaula, inde, makamaka atayang'ana pansi n'kuona pamene simenti inaperepeseka ndi mapazi awo kuzungulira mpando.

Mwana wawo anabwera kudzathandiza, atakwapatira fayilo yokhuthala ya za mlatho, akuti masana akukaonana ndi mkonzi wa nyuzipepala ina. Anasuzumira katoni yapamwamba n'kukwinya nkhope.

"Ababa, mphuno yanga si yaikulu chonchi."

"Ndi ya mayi ako imeneyo, ukadandaule kwa iwowo."

Wangolo atatambasula dzanja kuti aponye kagalasi kaja pakati pa matawulo, mtsikanayo anamutsekereza. Anakapukuta ndi mkono wa bulauzi, n'kukalowetsa mosamala m'fayilo muja.

"Aka ndinyamula ndekha," anatero.