Intavyu ya m'chigafa

Tsiku limenelo m'chigafa mwanga tinalimo anthu asanu ndi mmodzi: ine, mayi akunyumba, mwana wathu wachisamba, mkulu wampingo wa kwathu kuno kwa Kaomba, kapitawo wa pa esiteti ya kutsidya kwa dambo, ndi mlamu wanga, mchimwene wa akazi anga. Mkulu wampingo ndi kapitawo ndinawaitana kuti akhale mboni. Koma amene ndinkamufuna kwenikweni ndi mlamuyo.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 3, koma izi ndilemba ndekha. Mlamuyo anali mu komiti yolemba maina a makuponi a feteleza. Zaka ziwiri dzina langa analidumpha dala. Ndikafunsa pagulu, ankati, "Alamu, inu si muli ndi injiniya m'nyumba? Feteleza akutulutsirani pa kompyuta." Anthu n'kumaseka. Nthawi imeneyo mwanayo anali atamaliza kuyunivesite, makalata ofunsira ntchito atumizatumiza, akungosoka nafe fodya, zala zili bii.

Kenako kampani ina ya ku Lilongwe inamuyankha. Inkafuna wolemba mapulogalamu a pa kompyuta. Anamutumizira mayeso, anakhala nawo masiku atatu, anakhoza. Anamuimbira foni, anakhozanso. Kunatsala kumuona nkhope. Anati asavutike ndi basi, aonana pa laputopu. Netiweki kwathu imagwira m'chigafa mokha, poti chili pamtunda.

"Ababa, mawa teni koloko m'chigafa musafike munthu," mwana anandiuza.

Ndinamva. Koma ine ndaperekezapo anthu ambiri kukafuna utenanti pa esiteti. Munthu sadzichitira umboni yekha. Pamaimirira wamkulu n'kunena kuti uyu ndikumudziwa, saba, sathawa mvula ikagwa. Ndiye ntchito yaikulu chotere, mwana akhale yekha ngati wamasiye? Komanso ndinkafuna mlamu amve Chingerezi cha mphwake, chimulowe mpaka m'mafupa.

Atayamba, tinalowera kumbuyo n'kukhala pa benchi, kuseri kwa fodya wopachika. Pamipata ya masamba tinkaona anthu atatu pa galasi, amuna awiri ndi mayi wamandala. Poyamba zinayenda, akulu! Akafunsa, iye wayankha. Ndinkamuyang'ana mlamu, iye akuyang'ana nsapato zake.

Kenako anamupatsa funso loti alembe iwo akuonerera. Mwana anangoti zii. Dzanja pachibwano, maso pa galasi. Mphindi imodzi, ziwiri. Mlamu anandigunda ndi chigongono, n'kundinong'oneza, "Alamu, injini yazima. Tikankhe?"

Magazi anandikwera. Mayi akunyumba anandigwira jekete, ndinawasasa. Ndinakankha fodya uja, n'kukaima pambuyo pa mwana.

"Mabwana, muli bwanji! Ine ndine bambo ake. Uyu musamuone kukhala chete, mutu ulipo! Wailesi za mudzi uno amakonza ndi iyeyu. Mboni nazi, akumpingo ndi akapitawo. Imirirani akuoneni!"

Anaimiriradi, mkulu wampingo mpaka kuvula chipewa.

Mayi wamandala anayankhula m'Chichewa, mwaulemu ndithu. "Zikomo bambo. Anthuwa akhala ali pomwepo chiyambire?"

"Chiyambire!" ndinatero monyada.

Anayang'anana atatuwo. Mayiyo anati lamulo lawo n'lakuti woyesedwa akhale yekha, kuti pasakhale womunong'oneza mayankho, ndiye sangapitirize. Mwana anayesa kufotokoza kuti ife kompyuta sitiidziwa n'komwe. Anati amva, amulembera. Galasi linada.

Amene anaseka ndi mlamu yekha. Sanaseke mokweza, anangotulutsa mphepo m'mphuno, koma ndinamva.

Patatha sabata anamulembera kuti atenga wina.

Ine sindinapite kukamutukwana mlamu, ayi. Ndinadikira nthawi yodinda mabelo. Mudzi wonse jeke yodindira fodya inali yanga yokha, ndipo chaka chilichonse mlamu ankabwereka. Anatuma akazi ake, ndinati yathyoka. Anabwera yekha, n'kuipeza ikugwira ntchito pabwalo, ikudinda fodya wa munthu wina.

"Alamu, si iyi jeke?"

"Imeneyi ndi ya anthu olembedwa maina," ndinatero. "Lanu ndaliyang'ana, palibe."

Anakapeza ina kutali, ku Njombwa, mochedwa. Lole yopita ku okushoni inanyamuka popanda mabelo ake, fodya anachita nkhungu m'nyumba, ku okushoni anamubweza. Mpaka lero pamaliro timakhala mbali zosiyana, ndipo sindinapepese. Sindidzapepesa.

Tsiku limene ndinamva zoti fodya wake wabwezedwa, ndinapita m'chigafa ndikuimba mluzu. Mwana ndinamupeza ali pa laputopu, akulembanso kalata ina yofunsira ntchito.

"Wamva za amalume ako? Ndakubwezerera, mwana wanga. Adziwe kuti anakulakwira."

Sanatembenuke msanga. Anamaliza kaye mzere umene ankalemba.

"Ababa, yankho lija ndinali nditalipeza, ndinkangofuna poyambira. Anthu aja sanawamve amalume. Anamva inu."