Manja a Amayi pa Khoma la Sukulu

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene anthu a kanema anabwera kwathu ku Madzimoyo kudzajambula ulimi wa nshawa, zimene ena amati mtedza. Anasankha munda wa amayi. Sabata zitatu ankafika m'mawa uliwonse, amayi akukumba, akuyanika, akufotokoza mmene amasankhira mbewu. Wojambulayo akafunsa kanthu, amayi ankagwada n'kuyankha maso ali pansi, monga tinaphunzitsidwira kuyankha alendo.

Patapita miyezi tinamva kuti kanemayo aonetsedwa kusukulu. Amayi anatumiza mawu ku Mtenguleni kwa apongozi awo, gogo wanga, amene ankauza aliyense kuti mwana wawo anakwatira mlesi. Gogo anabwera wapansi. Masana amenewo mawindo a kalasi anatsekedwa ndi masaka, m'kati mukununkha fumbi ndi thukuta.

Kanemayo anatha tisanakhazikike n'komwe. Tinaona manja a amayi akutong'ola nshawa, chipsera cha pachala chikuoneka bwinobwino, koma nkhope ayi. Amene anadzaza khoma lonse anali aNaZulu, oyandikana nafe nyumba, omwe anangodutsa tsiku limodzi atasenza dengu n'kuyang'anitsitsa kamera.

"Ndiye mwandiitanira manja?" anatero gogo, akukutumula chitenje.

Ndinatsatira bambo woonetsa kanemayo kugalimoto kukafunsa kumene asiya amayi. Anati poyamba kanemayo anali wa maola anayi, akuluakulu anati watalika, ndiye anadula, n'kulumikiza, n'kudulanso mpaka kutsala kameneka. Nditafunsa kumene kuli zodulazo, anati kaya, mwina anataya.

"Amako ankangoyang'ana pansi, mwana iwe. Tikanaonetsa anthu liwombo?"

M'mawa mwake amalume atandiitana, ndinawayankha chiimire, ndikuwayang'ana m'maso. Amayi anandikwapula ndi kanthambi ka pichesi. Ndinalira, koma osati chifukwa cha ululu. Kugwada kunawachotsa m'kanema, kuima kunandikwapulitsa ine, ndipo panalibe wondiuza choti ndigwire.

Lero ndine gogo inenso. Ndinazindikira kuti chimene timaonera ndi chimene wina anasankha kusiya, n'chifukwa chake mdzukulu akandilozetsa foni kuti andijambule ndimayamba ndafunsa amene akadule, ngakhale akhale mwana wa mwana wanga. Koma pamene amayi analakwa sindinapapezebe. Anagwada bwino, analima bwino, ndipo apongozi awo anamwalira akukhulupirira kuti munda uja unali wa aNaZulu.