Masilipasi a ku St Petersburg

Ndikukumbukira chaka chimene adadi anatitenga tonse kupita ku St Petersburg. Ndinali ndisanayambe sekondale, ndipo tinkakhala m'fulati ya khonsolo ku Springburn, muno mu Glasgow. Adadi anali pa maphunziro ku yunivesite, ndiye ataitanidwa ku msonkhano ku Russia anati uwu ndi mwayi woti ine ndi mlongo wanga Tadala titseguke m'maso. Anagula buku lalikulu lofotokoza za mzindawo, n'kudzisankha okha kukhala wotilondolera.

Tinayenda mpaka mapazi kutupa. Tinaima m'mbali mwa mtsinje wa Neva, mphepo ikutilowa m'makutu. Tinaona chiboliboli cha mfumu itakwera hatchi, ndi tchalitchi cha madenga ozungulira ngati anyezi, opakidwa mitundu ngati maswiti. Paliponse adadi ankatsegula buku lija n'kuwerenga mokweza mayina a mafumu opinda lilime. Amayi ankangoti, "N'zokongola," ndi mawu omwe aja amene ankayamikira keke yophika mayi wina.

Zinthu zinasintha titapita ku nyumba ina yachifumu kunja kwa mzinda. Pakhomo anatipatsa masilipasi akuluakulu ansalu oti tivale pamwamba pa nsapato. M'kati munali golide yekhayekha, magalasi, ndi angelo ojambulidwa kudenga. Aliyense anali maso m'mwamba, kukamwa yasa. Amayi okha maso anali pansi.

Pansipo panali timatabwa tolumikizidwa ngati maluwa, tonyezimira ngati pathiridwa madzi. Amayi anakulira ku Zomba, m'nyumba ya simenti yofiira imene Loweruka lililonse ankaipaka polishi n'kuipukuta ndi bulashi ya kuphazi mpaka munthu kudziona nkhope. Anayang'ana mapazi a alendo akukhwekhwereza masilipasi aja, n'kundikoka dzanja.

"Chisomo, anthu awa ndi ochenjera," ananong'ona. "Mlendo aliyense akuwapukutira m'nyumba, iye osadziwa."

Pakona ya chipinda panali mayi wachikulire woyang'anira, nkhope ili gwa. Tadala atayesa kutsetsereka, mayiyo anangotulutsa liwu limodzi, mwana n'kuuma pomwepo. Koma amayi sanaope. Anagwada n'kusisita pansi ndi chala. Mayi uja anadzuka, ine n'kuti basi lero tigona kupolisi. Amayi anamuonetsa ndi mwendo mmene amapukutira kwathu. Iye anapukusa mutu, n'kuonetsa ndi mwendo wake kuti ayi, muzizungulira chonchi. Anakhala akuvina gule ameneyu kwa nthawi, wina Chichewa wina Chirasha, akumvana bwinobwino. Uku adadi anali akuwerengabe mokweza, osaona kuti banja lawathawa ndipo amene akuwatsatira tsopano ndi alendo achilendo ovomereza ndi mitu.

Titabwerera ku Springburn, adadi anafunsa chimene aliyense waphunzira. Yankho la amayi tinaliona ndi maso. M'mawa mwake anakanganula kapeti ya m'kolido, napeza matabwa pansi pake. Anawapala, kuwapaka polishi, nyumba yonse n'kumanunkha mpaka pa masitepe. Kenako anadula bulangeti lakale n'kusoka masilipasi, nawaika m'basiketi pakhomo. Kuyambira pamenepo aliyense wolowa ankavala: amayi a Mvano, ana asukulu obwera kudzadya Lamlungu, ngakhale mzungu wodzakonza boila yotenthetsera madzi. Kolido ija inawala moti Tadala ankachoka pakhomo mpaka kukhitchini osanyamula phazi.

Ndiye kunabwera uthenga woti abusa a Kamwendo adzatichezera. Nkhani yake tonse tinkaidziwa: mpingo unkaganiza zosankha adadi kukhala mkulu wa mpingo, chinthu chimene iwo ankachilakalaka mwakachetechete kwa zaka.

"Amake Chisomo, lero lokha basiketi ija ibisike," adadi anapempha.

"Kunyumba ya mafumu kuja anasankha nkhope?" anatero amayi, akuwonjezera polishi.

Abusa anafika madzulo kukugwa mvula, munthu wathupi, wolankhula pang'onopang'ono. Amayi anagwada, nawalonjera, n'kuwapatsa masilipasi ndi manja awiri. Abusa anayang'ana adadi, adadi anayang'ana denga. Anavala. Phazi loyamba linayenda bwino. Lachiwiri linanyamuka lokha osatsanzika. Anadutsa pakhomo la pabalaza pomwe tinawakonzera mpando, manja akupalasa m'mwamba, chipewa chikutsalira m'mbuyo, mpaka anakakhala pansi phi! pakhomo la bafa.

Adadi nkhope inachita kutuwa. Kenako Tadala, m'Chingerezi chake cha ku Glasgow chimene abusa ankachimva movutikira, anati, "Abusa, mwandiposa. Ine sindinafikepo pabafa."

Mapewa a abusa anayamba kugwedezeka. Tinkaganiza kuti akulira. Anaseka mpaka misozi, ali chikhalire pansi pomwepo, ndipo atadzutsidwa anati, "Mayi, ndalowa m'nyumba zambiri, koma ino yokha ndi imene yandilandira mothamanga." Tiyi anamwera m'masokosi. Adadi anasankhidwa ndithu, koma Lamlungu lotsatira ulaliki unali wa kugwa kwa munthu, ndipo amayi sanadzutse mutu mpaka nyimbo yomaliza.

Masiku ano ulendo ngati uja ndi wovuta chifukwa cha nkhondo, ndipo ana anga nyumba zachifumuzo amangoziona pafoni, n'kuzipitirira ndi chala asanazione n'komwe. Amayi nawo akalamba. Chaka chatha, atachitidwa opaleshoni ya m'chiuno, ine ndi Tadala tinakaika kapeti yochindikala m'nyumba yonse iwo ali kuchipatala, kuopa kuti angaterereke. Atabwera anaima pakhomo n'kutiyang'ana ngati tawalanda ufumu. Koma madzulo, popita kuchipinda, anaima pakati pa kolido n'kutambasula dzanja osacheuka, ndipo ine ndinalilandira.